Mmene Mungamangire Mabuleki a Mountain Bike Pamtsetse Osagwa

Ambiri amene amagwa pa tinjira totsetsereka ta paphiri la Zomba kapena m'minda ya tiyi ku Thyolo amagwa pamene akuyesa kuima. Tayala lakumbuyo limayamba kukwekwereza, njinga imapita cham'mbali, mtima umadumpha, dzanja n'kufinya chilichonse chimene lagwira, munthu uja khu! pansi. Akadzuka n'kusasa fumbi, mlandu wonse amaukankhira kwa buleki yakutsogolo.

Tonsefe tinakula tikuuzidwa kuti yakutsogolo saigwira pamtsetse chifukwa imaponya. Ineyo ndinatha zaka ndikukhulupirira zimenezi, ndipo chipsera chili pachigongono changa chakumanzerechi ndinachitenga tsiku limene ndinatsika kanjira ka m'nkhalango ya paini ndi buleki yakumbuyo yokha, tayala likuterereka pamasamba ouma mpaka mtengo ndi umene unandiimitsa. Zoona zake n'zakuti buleki yakutsogolo ndi imene imaimitsa njinga. Mukamanga, kulemera kwanu kumathamangira kutsogolo, tayala lakutsogolo limakanikizika n'kuluma nthaka, pamene lakumbuyo limapepuka. Tayala lopepuka silichedwa kuterereka. Munthu amaponyedwa chifukwa thupi lili pamalo olakwika komanso dzanja lafinya modzidzimuka, ndipo zonse ziwirizi zimakonzeka mukadzipatsa masana angapo pabwalo.

## Zofunika kukhala nazo

- Njinga imene mabuleki ake onse awiri akugwira
- Chisoti, magolovesi ndi nsapato zotseka zapansi pophwatalala. Patapata ayi.
- Ma allen key a 4 mm ndi 5 mm, kenanso kakang'ono ka 2 mm kapena 2.5 mm. Njinga zina zimafunanso torx ya T25, kiyi wa nsonga yonga nyenyezi.
- Pampu, makamaka yokhala ndi geji
- Kansalu koyera kopanda mafuta ndi sipiliti wopukutira wotchedwa isopropyl alcohol, ngati mabuleki anu ndi a disiki
- Miyala kapena mabotolo anayi oika zizindikiro
- Bwalo la mpira la dothi kapena la udzu waufupi, ndi kamtsetse kofatsa kopanda magalimoto
- Mnzanu mmodzi wokhala ndi foni yojambula

## Gawo 1: Dziwani dzanja limene likugwira tayala lakutsogolo

Musanakwere, kankhani njinga n'kufinya mbali imodzi, kenako inayo. Njinga zambiri za mountain bike kuno ndi za kaunjika, zochokera m'mayiko osiyanasiyana. Za ku Britain zimabwera buleki yakutsogolo ili kudzanja lamanja, pamene za ku America ndi mayiko ambiri a ku Ulaya imakhala kumanzere.

Chenjezo: mukabwereka njinga ya mnzanu, yesani zimenezi kaye. Dzanja lili ndi chizolowezi chake, ndipo pangozi silifunsa mutu.

## Gawo 2: Onani ngati mabulekiwo ali bwino

Luso silingathandize pa buleki yakufa. Finyani chofinyira chilichonse mwamphamvu: chiyenera kulimba chisanafike pa handulo. Chikafika n'kugunda, ndiye kuti waya wakhwepa, kapena ngati ndi mabuleki a mafuta, mwalowa mpweya.

Ngati muli ndi V-brake, mabuleki aja a malabala opana limu, onani kuti malabala akugwira limu mokwanira, osakhudza tayala, ndiponso kuti mizere yake sinafufutike. Zulani timiyala tomwe tabaya mulabala, chifukwa timadya limu. Ngati muli ndi disiki, suzumirani ndi tochi mapadi, tizidutswa tija timene timapana disikiyo. Akatsala ochepera 1 mm, yambani kufunafuna ena. Disiki nayonso imatha: zambiri za Shimano zimakhala 1.8 mm zili zatsopano ndipo zimayenera kusinthidwa zikafika 1.5 mm. Nambalayi imalembedwa padisiki pomwepo. Ipukuteni ndi isopropyl alcohol, ndipo musaigwire ndi zala zamafuta.

Mapadi atsopano sagwira bwino tsiku loyamba. Palasani pamalo athyathyathya mpaka liwiro lapakatikati, mangani buleki imodzi mpaka mufike liwiro la woyenda pansi, musaime, n'kupalasanso. Bwerezani maulendo 15 kapena 20 pabuleki iliyonse. Mudzamva nokha mphamvu ikukwera.

Musaiwale mpweya wa m'matayala. Ambiri amapopa mpaka tayala gwa ngati la kabaza wonyamula matumba. Pa tala ndi bwino, koma m'tchire tayala lotere limangodumphadumpha pamwamba pa miyala, ndiye buleki ilibe chogwira. Munthu wa makilogalamu pafupifupi 70 wokhala ndi matayala otakata a chubu angayambire pakati pa 25 ndi 30 psi pa geji ya pampu, n'kumaonjezera pang'ono ngati limu ikugunda pamiyala.

## Gawo 3: Sunthani zofinyira kuti mugwire ndi chala chimodzi

Masulani bawuti ya chofinyira n'kuchisunthira mkati, chakumtima kwa handulo, mpaka chala chamkombaphala chizigwera chokha pansonga yopindika ija. Pansongapo ndi pamene pali mphamvu. Zala zina zitatu ndi chala chachikulu ntchito yawo ndi kugwira handulo.

Kenako imirirani pa mapedulo, mnzanu atakugwirirani njinga, n'kutambasula chala. Chofinyira chikhale pamzere umodzi ndi mkono wanu, dzanja lisapindikire m'mwamba kapena pansi. Ngati zala zanu ndi zazifupi, fufuzani kasikuluwu kosendezera chofinyira pafupi ndi handulo. Pomanganso bawuti musalimbitse mopitirira: mukagwa, ndi bwino chofinyira chizungulire kusiyana n'kuti chithyoke, poti china chofanana nacho simungachipeze msanga pamsika.

Mabuleki a mafuta amakwanira ndi chala chimodzi. A waya ndi V-brake nthawi zina amafuna ziwiri, ndipo palibe cholakwika. Zinayi ndiye ayi, chifukwa palibe chotsala chogwira handulo mukagunda mwala.

Pamtsetse chala chizikhala chiri pachofinyira nthawi zonse, ngakhale simukumanga.

## Gawo 4: Ikani thupi pamalo ake musanafinye

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, choncho musapathamangire.

Munakwerapo matola, chilili kumbuyo kwa lole, dalaivala n'kuponda buleki? Wozolowera amapinda mawondo, n'kutsika pang'ono, mapazi n'kukankha pansi. Wachilendo amaima njo, miyendo yowongoka, ndipo amakagwera anzake kutsogolo. Panjinga n'chimodzimodzi.

1. Tsitsani chishalo. Ngati njinga ili ndi dropper, kachipangizo kotsitsira chishalo muli panjinga pomwepo, kadinikizeni. Ngati ilibe, imani pamwamba pa mtsetse n'kuchitsitsa ndi manja. Chishalo chokwera chimakukankhani kumbuyo n'kukutsekerani malo otsikira.
2. Imirirani pa mapedulo, phazi limodzi kutsogolo, lina kumbuyo, onse pamlingo umodzi. Limene mumalidalira likhale patsogolo.
3. Pindani mawondo ndi zigongono, zigongonozo zitulukire kunja. Chifuwa chitsike, chibwano chikhale cha pamwamba pa handulo, maso kutsogolo.
4. Pamene mukuyamba kufinya, gwetsani zidendene pansi, makamaka cha phazi lakutsogolo, ndipo chiuno chitsike n'kubwerera m'mbuyo pang'ono.

Zidendenezo ndi zimene zimasintha zonse. Zikagwa, mphamvu imene imafuna kukuponyerani kutsogolo imalowa m'miyendo, n'kudutsa m'mapedulo, n'kukanikiza matayala onse awiri pansi. Zikakwera, zala zakuphazi zitaloza pansi, mphamvu yomweyo imathera m'manja, ndiye handulo imasanduka chopunthwitsa. Njira yodziwira ndi iyi: pomanga buleki, mverani kumene kukulemera. Kukalemera kumapazi, muli bwino. Kukalemera m'zikhatho, tsitsaninso zidendene.

Chiuno chibwerere m'mbuyo molingana ndi mphamvu imene mwafinyira. Kufinya pang'ono, kusuntha pang'ono. Kufinya kwambiri, kutsika kwambiri. Mukamasula buleki, bwererani pakati nthawi yomweyo.

Chenjezo: ambiri akamva zoti "khalani kumbuyo" amapitirira muyezo. Amalendewera kuseri kwa chishalo, mikono ili tambalale, pafupifupi kukhalira tayala. Mukatero tayala lakutsogolo limapepuka, silingalume nthaka, ndipo njinga siikhotanso. Zigongono zikawongoka kotheratu, dziwani kuti mwapitirira. Uzani mnzanu akujambuleni cham'mbali. Ambirife timaganiza kuti tatsika kwambiri, koma kanema amaonetsa munthu ali chilili ngati mtengo wa magetsi.

## Gawo 5: Phunzitsani chala kufinya

Buleki si swichi ya magetsi yongoyatsa ndi kuzimitsa. Yambani monga mmene mumayesera peyala pamsika kuti muone ngati lapsa: kukhudza kaye, kenako kukanikiza mowonjezera. Kakhudzidwe koyambako kamapatsa tayala lakutsogolo mpata woti lilemere. Likalemera, mukhoza kufinya mwamphamvu kuposa mmene mukuganizira. Zonsezi zimachitika m'kanthawi kosakwana sekondi, koma dongosolo lake lisasinthe.

Pitani pabwalo muchite izi motsatana:

1. Yendani pansi mukukankha njinga. Finyani yakutsogolo yokha, muone tayala lakumbuyo likunyamuka. Finyani yakumbuyo yokha, muone likukwekwereza koma njinga ikupitabe.
2. Kwerani, palasani pang'onopang'ono, imirirani pa mapedulo, n'kuima ndi yakutsogolo yokha. Chitani kakhumi, mukuwongola njinga, zidendene pansi.
3. Ikani mwala ngati mzere woyambira kumanga. Bwerani ndi liwiro lofanana maulendo atatu: koyamba yakumbuyo yokha, kachiwiri yakutsogolo yokha, kachitatu zonse ziwiri. Paliponse pamene mwaima ikanipo botolo. Mabotolowo adzakuuzani zimene ine ndikunena kuposa mawu anga.
4. Tsopano funani dala pamene tayala lakumbuyo limayambira kukwekwereza. Likangoyamba kulira, masulani pang'ono mpaka lizungulirenso, koma musataye chofinyira. Mphamvu yaikulu ya buleki ili pomwepo, tayala litatsala pang'ono kumangika koma likuzungulirabe.
5. Pomaliza, mnzanu aime pambali azikuwa kuti muime nthawi imene simukuyembekeza. Uku ndi kukonzekera mbuzi yodumphira mumsewu kapena mwana wotulukira m'chimanga.

Zikayamba kuyenda pabwalo, kabwerezeni pakamtsetse kofatsa kaja.

Chenjezo: tayala lakumbuyo likanyamuka, masulani yakutsogolo pang'ono, lidzatera lokha. Lakutsogolo likayamba kuterereka, masulani msangamsanga. Lakumbuyo likaterereka mukhoza kupulumuka, koma lakutsogolo silipereka nthawi.

## Gawo 6: Sankhani pomangira

Wodziwa kutsika samanga buleki paliponse. Amayang'ana mamita angapo kutsogolo, n'kusankha pamene nthaka ingamugwire, n'kumanga mwamphamvu pamenepo, kenako n'kulola njinga idutse yokha pamalo oipa.

Malo abwino ndi dothi lolimba, thanthwe louma, ndi paliponse pamene njira yawongoka ndipo njinga yaima chilili. Malo oipa ndi mchenga, nsangalabwi, mizu, masamba a paini kapena a bulugamu amene aunjikana, matabwa a mlatho onyowa, ndi ngalande zimene madzi akumba pakati pa njira. Tayala lakutsogolo likatsala pang'ono kugunda muzu, kulowa m'dzenje kapena kutsika kachitsitso ka mwala, masulani buleki yakutsogolo. Tayala lomangidwa limakodwa pachopingacho, lozungulira limakwera n'kudutsa. Komanso mukamanga, foloko imakhala yanyonyomala kale, ndiye ilibe mpata womeza bampu.

Dothi la katondo ndi nkhani ina. M'chilimwe limakhala lolimba ngati simenti, kupatula kafumbi kapamwamba. Mvula yoyamba ya Novembala ikangogwa, kapena chiperoni chikanyowetsa pamwamba pokha, limaterera ngati therere. Pamenepa yambani kumanga patali, finyani mofatsa kwambiri, ndipo yakumbuyo igwire ntchito yochulukirapo kusiyana ndi masiku ouma. Funani udzu wa m'mbali mwa njira kapena pamene pali timiyala tolowa m'dothi. A V-brake dziwani kuti limu yonyowa siigwira mpaka tayala litazungulira kangapo labala akupukuta madzi, choncho muzikhudza buleki msanga musanaifune.

## Gawo 7: Malizani kumanga musanakhote

Tayala lili ndi mphamvu yochepa yogwirira pansi, ndipo mphamvuyo imagawidwa pakati pa kuima ndi kukhota. Mukaithera pabuleki, yokhotera palibe. Buleki imadzutsanso njinga yopendekeka n'kuiwongola, ndiye mumapezeka mukulunjika kutchire pamene njira yakhota.

Mangani mwamphamvu njira idakali yowongoka. Pofika pokhota penipeni, masulani pang'onopang'ono, yambani ndi yakutsogolo. Tembenuzani mutu muyang'ane kumene njira ikutulukira, pendeketsani njinga, ndipo ngati pamalopo ndi pathyathyathya tsitsani pedulo yakunja kuti phazi lakunjalo lilemere. Mukaona kuti mwalowa ndi liwiro lambiri, khudzani yakumbuyo mofatsa, maso asachoke kotulukira. Mukayang'ana mtengo, mudzaugunda.

Pa makhona othina a pamtsetse waukulu, monga a msewu wa Gorodi wotsika ku Livingstonia kupita ku Chitimba, umene uli ndi makhona pafupifupi 20, simungamasule zonse chifukwa njinga ithawa. Lowani ndi liwiro lochepa kwambiri, mabuleki onse atangokhudza, mosasinthasintha mpaka mutuluke. Ndipo khalani kumanzere kwanu, poti galimoto yokwera imafuna malo onse pokhota.

## Gawo 8: Mtsetse wautali ndi kutentha

Buleki imasandutsa liwiro kukhala kutentha. Mukaikokera osamasula kuchokera Ku Chawe mpaka m'tauni ya Zomba, kapena pa Khwekhwerere potsikira ku Golomoti, kutenthako kulibe kothawira. Zizindikiro zake ndi fungo la chinthu chopserera, kulira kwachilendo, buleki yofooka ngakhale mukufinya kwambiri, kapena chofinyira chofewa chobwera mpaka pa handulo. Pa V-brake limu imatentha mpaka chubu chikhoza kuphulika.

Njira yake ndi kumanga mwamphamvu kwa kanthawi, liwiro litsike kuposa limene mukufuna, kenako kumasula kotheratu kuti mphepo iziziritse, n'kubwerezanso. Manja nawonso amapuma. Mukamva fungo kapena buleki ikafewa, imani pamalo oonekera, dikirani mphindi zingapo. Disiki yotentha musaikhudze, ndipo samalani isakugundeni kumwendo: imawotcha ngati simbi.

Ngati ndinu wolemera thupi kapena mumatsika mapiri aatali kawirikawiri, disiki ya 180 mm kutsogolo imathandiza kuposa ya 160 mm. Imafuna adaputa yake, ndipo funsani makaniko ngati foloko yanu imalola kukula koteroko.

## Zolakwika zimene zimabwerezedwa

Kukwekwereza dala tayala lakumbuyo. Achinyamata amakonda fumbi lake, koma njinga yokwekwereza imaima patali ndipo tayala limatha msanga. Chimene chimandipweteka kwambiri ndi njira. Tinjira timeneti si tathu tokha: amayi amatsika nato atasenza nkhuni, ana amadutsamo popita kusukulu. Mzere umene tayala lakumba lero, mvula idzausandutsa ngalande. Ndipo pokhota pamene simukuona kutsogolo, tsikani ndi liwiro loti mukhoza kuima, chifukwa munthu wosenza mtolo sangapatuke msanga.

Kumanga muli chikhalire pachishalo chokwera. Uku ndiye kugubuduka kumene anthu amanamizira buleki yakutsogolo.

Kuyang'ana tayala lakutsogolo. Mukamaona mwala uli kale pansi panu, mwachedwa, ndipo chotsatira ndi kufinya modzidzimuka.

Kuuma thupi. Mantha amaumitsa mapewa, munthu n'kuiwala kupuma. Mukaona kuti mwaluma mano, imani pambali, gwedezani manja, kenako pitirizani. Malo akakukulirani, tsikani mukankhe, mudzabwerenso tsiku lina.

Mafuta padisiki. Ena amatsuka njinga ndi parafini kapena dizilo, ena amathira oyilo wa galimoto patcheni mpaka kudonthera. Kadontho kamodzi pamapadi n'kokwanira kuti buleki izingolira osagwira, ndipo mapadi omwa mafuta nthawi zambiri amafunika kungosintha. Kuthira oyilo pabuleki yolira kuti ikhale chete ndi kudzitchera msampha.

Kusakaniza mafuta a mabuleki. Mabuleki a Shimano, Tektro ndi Magura amagwiritsa ntchito mineral oil. Ambiri a SRAM amagwiritsa ntchito DOT, wofanana ndi wa galimoto, ngakhale ena atsopano ndi a mineral oil. Werengani zolembedwa pachivundikiro cha chofinyira. Mukathira DOT m'mabuleki a mineral oil, timalabala ta mkati timafufuma n'kuwonongeka, ndipo buleki yonse yapita. Ngati makaniko wanu anazolowera njinga zamoto, muuzeni zimenezi asanatsegule botolo.

Kufinya chofinyira tayala litachotsedwa. Izi zimachitika mukakweza njinga pa minibasi kapena pa pikapu mutagulula tayala lakutsogolo. Katundu akakanikiza chofinyira, mapadi a mabuleki a mafuta amatsekana, disiki osalowanso. Lowetsani kapulasitiki kake, kapena katoni yopinda yoyera, pakati pa mapadi musanakweze. Mukafika n'kubwezera tayala, onani kuti lamangika bwino, kenako finyani buleki yakutsogolo kangapo mpaka ilimbe musanayambe kutsika.